Chimene chimachititsa kuti anthu a m'nkhani zopeka asaiwalike

Okonkwo sanabadwepo, ndipo palibe manda amene munthu angaloze kuti ndi ake. Komabe kuyambira m'chaka cha 1958, pamene kampani ya William Heinemann ya ku London inasindikiza buku la Chinua Achebe lotchedwa Things Fall Apart, dzina la munthuyu lafika m'nyumba ndi m'makalasi a m'maiko ambiri kuposa mayina a mafumu ena amene anakhalakodi. Bukuli lamasuliridwa m'zinenero zoposa 50. Anthu amene analiwerenga ali kusekondale, kaya ndi ku Lusaka, Harare, Zomba kapena Gaborone, amaiwala zambiri zimene analoweza pokonzekera mayeso, koma Okonkwo amamukumbukira monga mmene munthu amakumbukirira mbale wake wovuta amene anamwalira kalekale.

Mabuku a nkhani zopeka amene amasindikizidwa chaka ndi chaka ndi ochuluka zedi, ndipo anthu ambiri a m'mabukuwo amaiwalika tsiku lomwelo limene bukulo latsekedwa. Ochepa okha ndi amene amatsala m'maganizo a owerenga. Kawirikawiri amenewa si anthu abwino kwambiri, ndipo si oipa kwambiri. Ndi anthu amene mlembi waonetsa poyera chimene akufuna ndi chimene akuopa, kenaka n'kuwasiya kuti alipire mtengo wa zimene asankha.

Mitundu iwiri ya ampangankhani

M'maphunziro a Chichewa, munthu kapena nyama imene ikuchita zinthu m'nkhani yopeka imatchedwa mpangankhani, ndipo m'sewero amati mtengambali. M'chaka cha 1927 mlembi wa ku Britain, E. M. Forster, anagawa ampangankhani m'magulu awiri m'buku lake lotchedwa Aspects of the Novel. Gulu loyamba ndi la amene ali ndi khalidwe limodzi lokha, limene silisintha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Gulu lachiwiri ndi la amene ali ndi mbali zambiri. Malinga ndi Forster, mpangankhani wa gulu lachiwirili amatha kudabwitsa owerenga, koma akawadabwitsa, iwo amavomereza kuti munthu wotere akanachitadi zimenezo.

Si zoona kuti a gulu loyamba ndi achabechabe. Kalulu wa m'nthano za m'chigawo chino sasintha. Amakana kukumba nawo chitsime pa nthawi ya chilala, amapusitsa alonda a pachitsimepo mmodzimmodzi, mpaka Kamba amamugwira. Koma m'nthano yotsatira ndi Kalulu yemweyo, wochenjera ndi waulesi monga kale. Fisi naye sasiya dyera. Ana amawakumbukira chifukwa chakuti sasinthawo, ndiponso chifukwa aliyense amadziwa munthu wina wa m'mudzi amene ali ngati Kalulu kapena Fisi. Koma palibe amene amagona akusinkhasinkha za mumtima mwa Kalulu. Omvera amamuonera patali n'kumaseka. Okonkwo ndi wosiyana: owerenga amalowa mumtima mwake, ndipo zimene amapezamo sizisangalatsa.

Mantha a Okonkwo

Achebe amayamba ndi mbiri ya mphamvu za Okonkwo. Ali ndi zaka 18 anagwetsa katswiri wa masewera ogwetsana, Amalinze, amene anthu ankamutcha Mphaka popeza kwa zaka zisanu ndi ziwiri msana wake unali usanakhudze dothi. Anakhala mlimi wolemera wa zilazi, wa akazi atatu, wankhondo wodziwika m'midzi yonse isanu ndi inayi ya Umuofia. Zikanathera pomwepa, akanakhala ngwazi ya m'nthano basi. Koma nthawi yomweyo mlembi amatembenukira kwa Unoka, bambo ake a Okonkwo: munthu wofatsa, wokonda kuliza chitoliro ndi kumwa uchema, woopa magazi, amene anamwalira ali ndi ngongole zambiri ndiponso wopanda udindo uliwonse pakati pa amuna anzake. Okonkwo ali mwana, mnzake wina anamunyoza potchula bambo akewo ndi mawu a Chiigbo amene amatanthauza mkazi komanso mwamuna wopanda udindo. Chipongwe chimenecho sichinamuchoke.

Kuchokera pamenepa owerenga amadziwa chinthu chimene anthu a ku Umuofia sakuchidziwa: moyo wonse wa Okonkwo ukuyendetsedwa ndi mantha akuti angafanane ndi bambo ake. Khama lake m'munda likuchokera pamenepo. Nkhanza zake pabanja zikuchokeranso pamenepo. Chimene chikumukweza ndi chomwecho chimene chidzamugwetse, ndipo iye sangasiye chimodzi n'kusunga chinzake. Akuluakulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo; Okonkwo anaona kuchepa mwendo kwa bambo ake, ndipo anada chilichonse chimene iwo ankakonda, ngakhale kufatsa kumene.

Mfundoyi imaonekera bwino pa imfa ya Ikemefuna. Mnyamatayu anaperekedwa ku Umuofia ndi anthu a ku Mbaino ngati dipo, iwo atapha mkazi wa ku Umuofia, ndipo anakhala m'nyumba ya Okonkwo zaka zitatu. Anazolowera kumutcha bambo. Okonkwo ankamukonda, ngakhale sanaonetse, popeza kwa iye kuonetsa chikondi kunali kufooka. Mzimu wa kukachisi utalamula kuti mnyamatayo aphedwe, Ezeudu, nkhalamba yolemekezeka ya m'mudzimo, anabwera kudzachenjeza Okonkwo kuti asatengeko mbali. Palibe lamulo limene linkamukakamiza kupita nawo. Iye anapitabe. Munthu wina atatema mnyamatayo ndi chikwanje, Ikemefuna anathawira kwa Okonkwo kuti amupulumutse, ndipo Okonkwo anamumaliza ndi chikwanje chake poopa kuti anzake angamuyese wamantha.

Mlembi wofuna kuti owerenga akonde mpangankhani wake akanapeza njira yomupulumutsira pamenepa. Akanachititsa kuti Okonkwo adwale tsikulo, kapena kuti akakamizidwe. Achebe sanatero. Anapatsa munthuyu mwayi wokana, n'kumusiya kuti asankhe choipa, kenaka n'kuonetsa zotsatira zake: masiku awiri osadya, tulo osabwera, ndi mwana wake weniweni, Nwoye, amene kuyambira tsiku limenelo mtima wake unachoka pakhomo pa bambo ake. Palibe woganiza bwino amene angavomereze zimene Okonkwo anachita. Koma ndi ochepa amene sanachitepo chinthu chimene mtima wawo unkakana, pongoopa kusekedwa ndi anzawo. Apa ndi pamene owerenga amakumana naye. Safanana naye pa ntchito zake. Amafanana naye pa mantha akewo.

Maganizowa si achilendo. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle wa ku Greece analemba kuti mtengambali woyenera sewero lachisoni si munthu wangwiro kapena woipitsitsa, koma munthu wapakati amene amagwa kaamba ka kulakwitsa kwake, popeza oonera amamvera chisoni munthu amene tsoka lake laposa kulakwa kwake, ndipo amachita mantha akaona kuti munthuyo ndi wonga iwo. Achewa amanena zomwezi mwachidule: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Lesotho, Thomas Mofolo anatsata njira yofanana m'buku lake la Chisotho lotchedwa Chaka, la m'chaka cha 1925, mmene mnyamata wokanidwa ndi bambo ake amafunafuna mphamvu mpaka kupha Noliwa, mkazi amene ankamukonda.

Zinthu zazing'ono zimene zimatsutsa mbiri ya munthu

Mantha okha sakanakwanira. Munthu wankhanza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza amatopetsa, ndipo amabwerera m'gulu la Fisi. Chimene chimapatsa Okonkwo moyo ndi tinthu ting'onoting'ono timene sitigwirizana ndi mbiri yake. Mwamuna yemweyo amene anamenya mkazi wake wamng'ono pa sabata yopatulika ya mtendere, amenenso anawombera mfuti mkazi wake wachiwiri, Ekwefi, pa mkangano umene unayambira pa masamba a nthochi, ndi amene amadzuka m'mamawa n'kulowa m'tchire kukafuna masamba ndi makungwa a mankhwala atamva kuti mwana wake wamkazi, Ezinma, wadwala malungo.

Ezinma anali mwana yekhayo wotsala mwa ana khumi amene Ekwefi anabereka. Usiku wina Chielo, mkazi wotumikira kukachisi, anabereka mwanayo kumsana n'kupita naye mumdima, atalamula kuti wina asamutsatire. Ekwefi anamutsatira. Okonkwo anadikira kaye nthawi imene ankaona kuti ndi yoyenera mwamuna, kenaka anatenga chikwanje n'kupita kukachisiko. Sanapeze munthu, anabwerera, n'kupitanso; anapeza mkazi wake pa ulendo wachinayi. Iye sanauze aliyense za maulendowa. Owerenga okha ndi amene akudziwa, ndipo chinsinsi chotere chimamanga ubale pakati pa owerenga ndi mpangankhani kuposa mawu alionse amene mlembi akanalemba ofotokoza kuti munthuyu anali ndi chikondi.

Anthu omuzungulira nawonso amathandiza. Obierika, bwenzi lake, ndi mwamuna wolemekezeka ngati iye, wosunga mwambo ngati iye, koma anakana kupita nawo kokapha Ikemefuna, ndipo palibe amene anamutcha wamantha. Kupezeka kwa Obierika kumatseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti Okonkwo anangotsata mwambo. Mfuti yake itaphulika pamaliro a Ezeudu n'kupha mwana wa malemuyo, Okonkwo anathamangitsidwa kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anakakhala ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake, kumene malume ake, Uchendu, anamukumbutsa kuti mwana akamenyedwa amathawira kwa mayi. Munthu amene anathera moyo wake kunyoza chilichonse chachikazi anapulumukira kuchikazi komweko. Mlembi sanafunike kuwonjezera ndemanga.

Tambudzai ndi mphamvu ya mawu a mwini nkhani

Njira ina yochititsa kuti mpangankhani asaiwalike ndi kumupatsa mpata wofotokoza yekha nkhani yake. Chitsanzo chodziwika m'chigawo cha kummwera kwa Africa ndi Tambudzai wa m'buku la Nervous Conditions, limene Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe anatulutsa m'chaka cha 1988, ndipo linapata mphoto ya Commonwealth ya chigawo cha Africa m'chaka cha 1989. Nkhaniyi ikuchitika m'dziko la Rhodesia cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Tambudzai amayamba ndi kuulula kuti imfa ya mlongo wake, Nhamo, sinamumvetse chisoni. Mawu otere ochokera pakamwa pa mtsikana amadzidzimutsa, ndipo owerenga amapitiriza kuti amve chifukwa chake. Chifukwacho chimapezeka m'munda wa chimanga. Ndalama zasukulu zitasowa, makolo analipirira mwana wamwamuna, n'kusiya wamkazi panyumba. Mtsikanayo anapempha mbewu, nalima kamunda kake kuti agulitse mondokwa ndi kudzilipirira yekha. Chimanga chitakhwima chinayamba kusowa m'mundamo, ndipo anadzazindikira kuti wakuba ndi Nhamo yemweyo, amene ankagawira anzake. Mphunzitsi wina anamutengera ku Umtali, mzinda umene tsopano ndi Mutare, kumene mayi wina wachizungu anapereka mapaundi khumi; ndipo ngakhale ndalama zimenezo bambo ake anafuna kuti zikhale zawo. Nhamo atamwalira ali kumishoni, malo ake pasukulu anapatsidwa kwa Tambudzai, amene panthawiyo anali ndi zaka 13.

Chimene akufuna mtsikanayu n'chaching'ono ndiponso chogwirika: sukulu. Ampangankhani ofuna zinthu zikuluzikulu zosaoneka, monga chilungamo kapena ufulu wa anthu onse, amavuta kuwakumbukira. Wofuna ndalama zolipirira teremu imodzi amamveka kwa kholo lililonse ndi mwana aliyense. Koma monga zinalili ndi Okonkwo, chimene akufunacho chili ndi mtengo wake. Kuti aphunzire ayenera kugonjera Babamukuru, mkulu wa bambo ake, mphunzitsi wamkulu wa pamishoni amene banja lonse limamugwadira. Pang'onopang'ono amayamba kuchita manyazi ndi umphawi wa kwawo. Amaona msuweni wake Nyasha, amene anakulira ku England n'kuiwala Chishona, akulimbana ndi bambo ake mpaka kudwala matenda okana chakudya, koma iye amathamangira kusukulu ya masisitere kumene wapeza malo, n'kusiya Nyasha yekha panthawi imene ankamufuna kwambiri. Tambudzai wamkulu, amene akufotokoza nkhaniyi, sabisa zimenezi. Owerenga amamukhulupirira chifukwa sadzikometsera.

Dangarembga anapitiriza mbiri ya Tambudzai m'mabuku ena awiri, The Book of Not la m'chaka cha 2006 ndi This Mournable Body la m'chaka cha 2018, limene linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker m'chaka cha 2020. M'buku lachitatuli mtsikana wakhama uja ndi mayi wokhumudwa, wosowa ntchito mumzinda wa Harare, wochita zinthu zina zochititsa manyazi. Owerenga ambiri anapwetekedwa mtima kumuona chomwecho, zimene sizichitika ndi mpangankhani amene anthu anamuiwala.

Zakwawo zenizeni zimafika kutali

Alembi ena oyamba kumene amaganiza kuti nkhani yofuna kumveka kwa anthu a m'maiko ambiri iyenera kuchotsedwa zakwawo, kuti munthu wake asakhale ndi mudzi, chakudya kapena mwambo wodziwika. Mbiri ya mabuku awiriwa ikutsutsa maganizowa. Things Fall Apart ladzaza ndi zilazi, mtedza wa kola, miyambi ya Chiigbo ndi egwugwu, mizimu ya makolo yovala zigoba kumaso imene imaweruza milandu pabwalo, imene owerenga Achichewa sangalephere kuiyerekeza ndi zilombo za gule wamkulu. Achebe anafotokozapo kuti ophunzira a pakoleji ina ya atsikana ku South Korea anamulembera makalata onena kuti m'bukuli anaonamo mbiri ya dziko lawo, limene linalamulidwapo ndi Japan. Atsikanawo sanalimepo zilazi. Koma munthu amene ali ndi munda wake, ngongole za bambo ake ndi mwana amene amamudera nkhawa amaoneka weniweni, ndipo munthu weniweni ndi amene wina angadziyerekeze naye. Wopanda kwawo safanana ndi aliyense.

Nkhope ndi mawu zimawonjezera mphamvuyi. M'chaka cha 1987 wailesi ya kanema ya boma la Nigeria inaonetsa sewero lochokera m'bukuli, ndipo Pete Edochie, amene anasewera ngati Okonkwo, anatchuka kwambiri kuchokera pamenepo. Anthu a m'chigawo chino anadzamudziwa bwino kudzera m'mafilimu a ku Nigeria.

Pamene mpangankhani asanduka chikwangwani

Nkhaniyi siikhudza alembi a mabuku okha. Kuyambira zaka za m'ma 1990, mabungwe ambiri a zaumoyo ndi a chitukuko m'chigawo chino akhala akugwiritsa ntchito masewero a pawailesi ndi pakanema pofalitsa uthenga wa Edzi, nkhanza za m'banja ndi maphunziro a atsikana. Ambiri mwa masewerowa amalephera pa chifukwa chimodzi: atengambali ake si anthu koma zikwangwani zoyenda. Wabwino amalankhula ngati kapepala ka kuchipatala, woipa amadwala n'kufa m'gawo lomaliza, ndipo omvera amadziwiratu mathero kuyambira pachiyambi. Palibe amene amadziona mwa munthu wosalakwa, ndipo palibe amene amavomera kuti ndi wofanana ndi chilombo.

Sewero la pakanema la Soul City la ku South Africa, limene linayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1994, linasonyeza kuti pali njira ina. M'chigawo chake chachinayi, cha m'chaka cha 1999, oonera anatsata banja la Matlakala, mayi amene ankamenyedwa ndi mwamuna wake, Thabang. Mwamunayo sanali chidakwa cha m'misewu koma mphunzitsi wolemekezeka, ndipo mkaziyo sanathawe tsiku loyamba. Anazengereza, anamvera achibale omuuza kuti apirire, monga amachitira amayi ambiri. M'gawo lina anthu oyandikana nawo nyumba anatuluka n'kuyamba kumenya mapoto pofuna kuonetsa kuti akumva zimene zikuchitika ndipo sakugwirizana nazo. Pambuyo pake kunamveka malipoti akuti anthu a m'madera ena a dzikolo anachitadi zomwezo pakhomo pa amuna omenya akazi awo.

Achebe mwiniyo anayamba kulemba atakhumudwa ndi ampangankhani osakhala anthu. Ali pakoleji ku Ibadan anawerenga Mister Johnson, buku la m'chaka cha 1939 la Joyce Cary, lonena za kalaliki wa ku Nigeria wosekerera nthawi zonse ngati mwana, limene ku Ulaya ndi ku America ankaliyamikira. Iye ndi anzake sanadzione m'bukulo. M'chaka cha 1975, pa yunivesite ya Massachusetts ku America, anadzudzulanso buku la Joseph Conrad la Heart of Darkness chifukwa Aafrika a m'bukulo ndi zithunzithunzi za m'mphepete mwa mtsinje, zopanda mayina ndiponso pafupifupi zopanda mawu.

Mathero a Things Fall Apart akukhudza nkhani yomweyi. Okonkwo atabwerera ku Umuofia anapeza tchalitchi, khoti ndi boma la azungu zitakhazikika, ndipo mwana wake Nwoye anali atalowa Chikhristu n'kutenga dzina lakuti Isaac. Atamangidwa ndi kunyozedwa pamodzi ndi akuluakulu ena asanu, anapha mesenjala wa boma pamsonkhano, koma anthu sanamutsate kunkhondo. Anadzimangirira pamtengo kuseri kwa nyumba yake, imfa imene mwambo wa kwawo unkaiona ngati yodetsa nthaka, kotero kuti abale ake sakanatha kukhudza mtembo wake. Obierika ndi amene anatsogolera bwanamkubwa wachizungu kumtengoko kukapempha kuti anthu ake, pokhala alendo, autsitse. Pobwerera, bwanamkubwayo ankaganiza za buku limene ankalemba lonena za mitundu ya anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Poyamba anaona kuti nkhani ya munthu amene anapha mesenjala n'kudzimangirira ingakwane mutu wathunthu. Ataganizanso, anaona kuti ndime imodzi ingakwanire.